Nkhope m'Botolo la Khofi

Newcastle upon Tyne
15 Novembala 2006

Okondedwa achemwali anga a Agness,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu, amayi, ndi mwana wanga Tiya. Ine kuno ndikupuma, ngakhale kuzizira kwake n'koti ukalavula, malovu amafika pansi atasanduka mwala. Ndikulemba ndili mu laibulale ya m'tauni. Musaganize kuti ndasanduka pulofesa, muno amangotenthetsa ulere. Inu mukudziwa kuti ine ndi buku tinasiyana ku Sitandade 7 osatsanzikana.

Kalata yanu ndinalandira. Mwati amayi akuuza Ntchisi yense kuti mwana wawo ndi manijala woyang'anira nyumba zakale ku Mangalande. Achemwali, khalani kaye pansi, ndipo ngati alamu ali pafupi atumeni akaone mbuzi. Umanijala uja ndinathira mchere wambiri. Galimoto yofiira imene ndinatsamira pa chithunzi paja mwini wake sindimudziwa n'komwe. Zoona zake n'zakuti pempho langa loti ndikhale kuno analikana chaka chatha. Ndinachita apilo, ndipo mlandu ulowa pa 4 Disembala. Ntchito saloleza. Lachiwiri lililonse ndimakasayina ku imigireshoni ngati munthu wa pa belo, kuti aone kuti sindinathawe. Masiku otsalawo ndimasesa m'tchalitchi, popanda malipiro. Koma kusesa kwake, dziko lino lonse palibe angandiyandikire. Fumbi likangomva kuti Bester watsika basi limatuluka lokha pa windo.

Tchalitchicho ndi cha Angilikani ngati chathu, koma chili kutali, umakwera sitima ya Metro mpaka pothera kenako basi. N'chaching'ono, chamiyala yokhayokha, ndipo mkati mumazizira kuposa panja. Akhristu ake ndi khumi ndi anayi, ndipo mukaphatikiza zaka zawo mukafika kwa Nowa. Wosunga makiyi ndi bambo Thompson, a zaka 78, amene ankagwira ntchito yopanga sitima zapamadzi pa mtsinje wa Tyne. Zikhatho zawo ngati mafosholo. Asunga makiyiwo zaka makumi anayi ndi chimodzi. Akazi awo anaikidwa kuseri kwa tchalitchi, ndipo m'mawa uliwonse ankapita pamandapo ndi fulasiki ya tiyi, n'kumawauza nkhani za m'nyuzipepala ngati ali pakhonde.

Munthu ameneyu ndiye ananditola. Tsiku loyamba ndinalowa m'tchalitchimo pothawa mvula, nditavala kajekete kaja munandigulira pa kaunjika. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Iwe ufa, bonny lad." Kuno ndi mmene amaitanira mnyamata amene amukonda. Mawa lake anandibweretsera chikhoti chawo, chomwe ndavala pano ndikulembamu. Ndi iwonso analembera khoti kalata yonena kuti ndine munthu wabwino, wokhulupirika. Mawu amenewo muwasunge, tiwapeza kutsogoloku.

Tsopano ndikuuzeni za mwala. Pakona ya tchalitchi, pafupi ndi pobatizira, paima chidutswa cha mtanda wamwala, chondifika m'khosi. Mutu wake unathyoka kalekale. Ine nditauona koyamba ndinati ndi mpanda wa khola umene anaiwala kutaya. Bambo Thompson anatsala pang'ono kukomoka. Anandigwira dzanja, n'kundiimika cham'mbali, n'kuunika ndi tochi mopendeketsa. Achemwali, mwala uja unadzuka. Mbali imodzi unali mpesa wokwera mozungulirazungulira, mbalame ndi tinyama tikudya mphesa m'nthambi zake. Mbali ina zingwe zolukanalukana ngati lichero, moti ukatsata ndi chala supeza poyambira kapena pothera. Kutsogolo kunali Ambuye Yesu ataimirira, mapazi awo ataponda mitu ya zilombo ziwiri, ndipo zilombozo sizinkaoneka zolusa ayi, zinangodzipereka ngati agalu a pakhomo. Nkhope inali itafufutika, koma tochi ikafika bwino mumaona maso aakulu awiri ndi kakamwa kotseka.

Anandiuza kuti unasemedwa zaka chikwi ndi mazana awiri zapitazo, azungu akunowa akanali anthu a mikondo ndi zikopa, atangolandira kumene Uthenga. Tchalitchi kunalibe. Amonke ankaimika mtanda pabwalo, anthu n'kusonkhana mozungulira ngati mmene tinkachitira ife pansi pa mkuyu tchalitchi chathu chisanafoleredwe. Popeza anthuwo sankadziwa kuwerenga, mwalawo ndiwo unali Baibulo lawo. Ndinati, "Ndiye kuti anali a Sitandade 7 ngati ine." Anaseka mpaka kutsokomola.

Anatinso achifwamba a m'ngalawa anabwera kuchokera kutsidya la nyanja, n'kuwotcha zonse, koma mwala unatsala. Patapita zaka mazanamazana akhristu okhaokha anakangana, ena n'kumati zosemasema ndi mafano, ndiye anauthyola n'kuusandutsa popondera pakhomo la khola. Zaka mazana atatu ng'ombe zikuuponda, Yesu atayang'ana pansi m'matope, ndipo n'zimene zinamupulumutsa. Kenaka anandionetsa m'kapindiko ka mkanjo kadontho kofiira, kochepa ngati nsabwe. Anati, "Ukuona? Kale mtanda wonsewu unali wopakidwa. Ankayamba ndi zoyera, kenako zofiira, zachikasu. Unkawala munthu ali kutali." Ananena mawu amenewo ndi chisoni, ndipo ine ndinawasunga mumtima.

Loweruka lililonse ankaupukuta ndi kabulashi kofewa kometera ndevu, pang'onopang'ono ngati akusambitsa khanda. Ndinkawaseka. "Bambo Thompson, mwala mukuunyengerera? Kwathu mwala timaukhula mpaka upepese." Iwo ankangoti, "Sesa paliponse, bonny lad, koma ichi chokha n'changa." Ine ndinkayesa ndi ulemu wa akuluakulu, monga amachitira amayi pokana kuti muwasenzere mtolo pamene khosi likuwawa.

Mwezi watha kunamveka kuti a Bishopu abwera Lamulungu pa 15 Okutobala. Achemwali, mukukumbukira a Bishopu atabwera kwathu mu 1994? Ndani anapaka laimu miyala yonse kuchokera kumsewu mpaka pakhomo la tchalitchi? Ndani anapaka mitengo mpaka m'chiuno, ndi chulu chomwe, moti mbuzi ya alamu inachita kuthawa isanapakidwe? A Bishopu anandigwira chanza pamaso pa anthu onse. Ndiye kuno ndinadikira kuti ndione kukonzekera. Anagula mabisiketi ndi maluwa awiri, basi. Ndinachita manyazi m'malo mwawo. Ndinati anthu awa akalamba, mphamvu zinatha, koma Mulungu wawatumizira mwana wa ku Ntchisi.

Loweruka lakelo mwana wawo wa bambo Thompson, dzina lake Nicole, anabwera kuchokera ku Sheffield kudzawatenga kuti akaonere mpira. Bambo Thompson anandisiyira makiyi. Kanali koyamba m'zaka makumi anayi ndi chimodzi kuti makiyi amenewo alowe m'thumba la munthu wina. Ndinapita m'kashedi ka kuseri. Laimu kunalibe, koma ndinapeza bulashi ya waya, mankhwala otsukira m'chimbudzi, ndi chitini cha penti yoyera ya mafuta yotsala popaka zitseko. Ndinagwira ntchito kuyambira teni mpaka fili koloko, ndikuimba nyimbo za kwaya yathu. Pomaliza mtanda unali mbee, ngati mkwatibwi. Ngakhale wakhungu akanauona ali kutali ku Sunderland.

Lamulungu ndinalawirira kukatsekula. Woyamba kufika anali bambo Thompson. Analowa, n'kuima. Anavula chipewa. Ndinadikira kuti aseke, kapena atukwane. Koma anangofunsa motsitsa mawu, "Watani, mwanawe?"

Ndinati, "Munati kale unkawala."

Panja panamveka galimoto ya amayi ansembe, chifukwa kuno wansembe wathu ndi mzimayi. Bambo Thompson anayandikira mtanda, n'kuika zikhatho zonse ziwiri pa penti, yomwe inali isanaume bwino chifukwa cha kuzizira, n'kuzipukutira pa jekete lawo la Lamulungu. Anatambasula dzanja. "Makiyi." Ndinawapatsa.

Amayi ansembe atalowa anakuwa ngati aona maliro. A Bishopu anafika anthu ali piringupiringu, ndipo chanza cha tsiku limenelo sindinachione. Atafunsa kuti wachita izi ndani, Bester amene amalankhula mpaka wailesi kuzima yokha, tsiku limenelo analibe lilime. Bambo Thompson anakweza manja awo oyerawo n'kunena kuti, "Ndine. Ndimafuna uyere."

Zotsatira zake zinathamanga. Kunabwera mayi wina wa ku yunivesite, wovala magolovesi oyera, ndi magalasi okuzira zinthu. Anachotsa penti pang'ono pamalo a nkhope, n'kuyang'ana, n'kutuluka panja kukalira. Munthu wamkulu, wamadigiri, kulirira mwala. Anati penti angathe kuichotsa m'zaka ziwiri kapena zitatu, koma zomwe zinali pansi pake zinapita. Nkhope palibe. Kadontho kofiira kaja palibe. Mbalame zinatsala ngati mbatata. Achifwamba analephera, othyola mafano analephera, ng'ombe zinalephera zaka mazana atatu, koma Bester wa ku Ntchisi anamaliza ntchito yonse asanadye nkhomaliro. Mwaona, ngakhale pa zoipa mlongo wanu sakhala wachiwiri.

Apolisi anabwera, chifukwa kuno kuwononga chinthu chotere ndi mlandu waukulu. Anati akanakhala munthu wanzeru zake akanapita kukhoti, koma nkhalamba imene yasamala mwala zaka makumi anayi n'kudzuka tsiku limodzi kuupaka penti, imeneyo ndi nkhani ya madokotala. Nicole anati anawasiya kunyumba faifi koloko mpira utatha, ndiye onse anagwirizana kuti anabwerera kutchalitchi okha mutu utasokonekera. Dokotala akawafunsa chifukwa chake, ankangobwereza kuti, "Ndimafuna uyere." Anawalanda makiyi a tchalitchi. Anawaletsa kuyendetsa galimoto. Kenako anawapititsa ku nyumba yosungira okalamba, ati kwa masabata ochepa kuti awaone. Mawa Lachinayi thu koloko kuli msonkhano wa Nicole, dokotala, a zosamalira anthu ndi amayi ansembe, woti agamule ngati akhale komweko mpaka imfa, nyumba yawo igulitsidwe.

Ine zanga zinayamba kuyenda bwino kuposa kale. Makiyi aja anapatsa ine. Amayi ansembe anati pa 4 Disembala adzapita okha kukhoti kukandichitira umboni, atavala kolala yawo, ndipo loya wanga atamva anati tsopano mwayi ulipo ndithu. Ndinayamba kuwerengera kuti mapepala akatuluka ndiitanitsa Tiya adzaphunzire kuno, adzakulankhuleni Chingerezi cha m'mphuno mpaka muthawe.

Ndimagona chipinda chimodzi ndi mnzanga wa ku Mulanje, dzina lake Lazarus, amene amagwira ntchito m'nyumba za okalamba zomwezi. Ndi iye yekha ndinamuuza. Anati, "Aise, tseka pakamwa. Mzungu akamutsekera amamupatsa tiyi ndi TV. Iwe akakutsekera amakukweza ndege. Mdalayo wasankha yekha, wamva? Usamuwonongere mphatso yake."

Ndinamufunsa kuti, "Nanga amene amalowa m'menemo akuyenda okha, nzeru zili bwinobwino, amatha bwanji?"

Anayamba kufunafuna sokosi yomwe anali atavala kale. Ndinafunsanso. Anati, "Ena amafika Isitala."

Lamulungu lapitali ndinalimba mtima n'kupita kukawaona. Ndinakwera mabasi awiri. Ndinawapeza m'chipinda chachikulu, okalamba ali ndandanda m'mipando, TV ikulankhula yokha. Achemwali, mwezi umodzi wokha, koma munthu uja anachepa ngati wachapidwa ndi madzi otentha. Ndevu zosameta, atavala juzi ya munthu wina yamaluwa. Zikhatho zija zinali pamiyendo ngati zida zoiwalika pamunda.

Ndinayamba nthabwala zanga. Ndinati, "Bambo Thompson, mwapeza hotela, atsikana okutumikirani mbali zonse, ife mwatitaya." Anamwetulira pang'ono. Anafunsa ngati ndapitako kumanda a akazi awo. Anati, "Sanamve nkhani mwezi wathunthu. Aziti ndinapeza wina." Kenako anandikoka mkono n'kunong'ona, "Ndikudziwa chimene wabwerera. Usayerekeze. Ine ndatha kale, iwe uli ndi mwana. Ukakatsekula pakamwa pakopo ndidzakukana, ndidzati ndiwe wabodza, ndipo aliyense amadziwa kuti ndiwe wabodza."

Tinaseka tonse awiri. Ndinati mumtima, basi, wandimasula yekha, ndinyamuke. Ndikumanga mabatani a chikhoti chawo chija, anandiitananso. Mawu anali atasintha.

"Bonny lad, unali womaliza kumuona Yesu wa pamwala uja. Ndikatseka maso sakubweranso. Zaka zonsezi ndimamupukuta, koma muno wandithawa. Tandiuza, ankaoneka bwanji?"

Apa ndiye pali chimene sindinauze Lazarus, ndipo ngakhale inu ndakubisirani pamwambapa, chifukwa ndinalemba ngati ndinapaka penti ndi mtima woyera mpaka pomaliza. Si choncho. Nditathira madzi pamwalapo, nkhope ija inatuluka bwino lomwe kuposa ndi tochi. Ndinaona zikope, ndinaona tsitsi logawidwa pakati, ndi kamzere pa tsaya ngati munthu amene watopa koma sakudandaula. Anandiyang'ana, achemwali. Ndinati dikirani Ambuye ndikuyeretseni. Ndinakhula kanayi kapena kasanu ndi mphamvu zanga zonse, mukuzidziwa. Nditatsukuluza panalibe munthu. Panali posalala ngati bondo. Mwala wakunowu ndi wofewa, ndi mchenga wogwirana chabe, si nsangalabwi zathu zija. Ndinayang'ana m'ndowa, pansi pake pali mchenga wofiirira wokwana dzanja limodzi.

Pamenepo ndinadziwa. Ndikanaima, mbalame zija zikanatsala, mpesa ukanatsala. Koma ndinachita mantha, ndipo ndinakhula mbali zonse kuti pafanane, n'kupaka penti yokhuthala kuti pasaoneke. Nyimbo zija ndinkaimba kuti ndisamve mtima wanga. Madzi ndinataya, koma mchenga uja dzanja linakana. Ndinauthira m'botolo la khofi lopanda kanthu, ndipo mwezi wonsewu lakhala pansi pa bedi langa. Munthu amene amayi amamutcha manijala amagona pamwamba pa nkhope ya Yesu.

Bambo Thompson ndinawauza za zikope, za tsitsi, ndi za kamzere ka pa tsaya. Anatseka maso n'kumagwedeza mutu. Anati, "Eya. Eya, ndi yemweyo." Misozi inatsikira m'ndevu. Mtsikana wogwira ntchito anabwera n'kunena mokweza ngati akulankhula ndi mwana, "Agogo, mwayambanso kulira? Tiyeni tikamwe mankhwala." Anawatenga, iwo osakana n'komwe. Munthu amene ankanyamula zitsulo za sitima anatsogozedwa ndi chala chimodzi.

Ndiye mawa thu koloko ndikalowa mu msonkhano umene sanandiitane. Botolo lili m'thumba la chikhoti pano, likundigunda m'nthiti. Mayi wa ku yunivesite uja akaliyeza adziwa kuti mchengawo ndi wa mwala uti, ndipo jekete langa lakale lomwe lili ndi penti m'manja monse ndalipinda mu pepala. Bambo Thompson anene kuti ndine wabodza mmene angafunire. Kwa nthawi yoyamba chibadwire ndili ndi umboni.

Loya ndamuimbira m'mawa uno. Anati ndikatero apolisi adzalemba dzina langa, amayi ansembe sangaimenso pamaso pa woweruza kunena kuti ndine wokhulupirika, ndipo Lachiwiri ndikakasayina mwina sindidzatulukamo. Anandifunsa ngati ndaganiza bwino. Ndinamuuza kuti kuganiza sindinayambe ndakhozapo, ndi chifukwa chake tili pano.

Musandilire, achemwali, ndipo musayankhe pa adiresi iyi. Mukonzekere kulandira munthu wamkulu. Ena amabwera kumudzi pa ndege yolipira okha, koma mlongo wanu adzakwera yaulere, ndi omuperekeza awiri, wina kumanja wina kumanzere, ngati nduna. Katundu sadzachuluka, musavutike kubwereka ngolo. Alamu muwauze kuti wotchi ndinawalonjeza ija ikanali m'sitolo, ikuwasungira nthawi bwinobwino.

Amayi musawawerengere kalata yonseyi. Muwauze kuti ntchito ya nyumba zakale inatha, ndipo mwana wawo akubwera kudzafolera khitchini yawo mvula isanakule. Zinazo ndidzawauza ndekha nditagwada. Akamapemphera madzulo awonjezere dzina limodzi, Thompson. Akalephera kulitchula anene kuti mkulu wa makiyi, Mulungu amudziwa. Apemphe kuti abwerere kunyumba kwake, akamwe tiyi ndi mkazi wake.

Tiya mumupsompsone pachipumi. Ndinamulonjeza kuti adzaona chipale chofewa chikugwa kumwamba ngati ufa. Mumuuze kuti bambo ake anapita kukachiona m'malo mwake, ndipo n'chozizira chabe, palibe chimene wataya. Mumufunse ngati akundikumbukira nkhope. Ngati waiwala musamukalipire, ndikubwera nayo ndekha.

Moni kwa onse a kwaya. Muwauze kuti a Bishopu akadzabweranso, laimu apake wina.

Ndine mlongo wanu wokukondani, katswiri wosesa wa Mangalande yense mpaka mawa thu koloko,

Bester